Abiti Jafali Ankapempha Mkaka

Abiti Jafali anamwalira Lachiwiri m'mawa, ndipo dzuwa lisanapendeke anali ataikidwa kale, monga amachitira anzathu achisilamu. Ine uthenga unandipeza ndili m'wodi, manja ali m'magolovesi. Pamene ndinkatsika pa kabaza kwawo kwa Maganga, amuna anali akubwerera kuchokera kumanda, akukutumula fumbi m'mikanjo yawo. Loweruka lapitali kunali sadaka yawo ya masiku makumi anayi. Tinadya mpunga, a Shehe anawerenga, anthu anatamanda malemuwo monga mmene timatamandira aliyense amene watisiya. Kenaka wina anati a nesi alankhuleko, poti ndi amene anakhala nawo nthawi yaitali. Ndinaimirira, n'kunena kuti anali mayi wolimbikira, n'kukhalanso pansi. Anthu anayang'anana. Zimene zinandikanika pakamwa tsiku limenelo ndi zimene ndikulemba pano. Maina a ana ndi a makolo awo ndawasintha.

Pachipatala chathu mayiwa sanalembedwepo ntchito. Kale anali azamba. Boma litaletsa azamba kubereketsa kumudzi, anzawo ambiri anabwerera kumunda, ena n'kumapitiriza mobisa. Iwo anayamba kuperekeza amayi oyembekezera kuchipatala, ndipo atafika kuchitando, kumene amayi amadikirira tsiku lawo ndiponso kumene odwazika matenda amagona ndi kuphika, anakhazikika ngati ndi pakhomo pawo. Kwa Maganga ankangopitako kukabzala chinangwa ndi kukazula.

Ine ndinawapeza ali kale pamenepo, nditangofika kuchokera kwathu ku Ntcheu, ndili mtsikana wa yunifomu yatsopano. Tsiku loyamba ndinkayesa ndi munthu wozungulira mutu amene wasochera. Anali mayi wamfupi, wa mawu aakulu kuposa thupi, diso limodzi lotuwa ndi ng'ala, fodya wopera ali kuseri kwa mlomo. Ndinawaona akuimitsa mayi wina amene anabwera ndi mwana kusikelo. Sanamupatse n'moni womwe. Anangoloza bulauzi yake imene inali itanyowa mbali zonse ziwiri.

"Inu, mkaka ukutayikawu ngwa ndani?"

Mayiyo anadziphimba ndi chitenje, n'kuyankha kuti ngwa mwana wake.

"Wanuyu wakhuta mpaka masaya akulendewera. Ine ndikunena uwu mukumwetsa nsaluwu. Tiyeni mukaone kanthu."

Anamugwira pamkono mpaka pawindo la kachipinda kathu ka ana obadwa masiku asanakwane.

Umu ndi mmene ankapemphera mkaka. Kunyengerera sankakudziwa. Ankangomuimika munthu pawindopo kuti adzionere yekha kamwana ka miyezi isanu ndi iwiri, khungu lopyapyala mpaka mitsempha kuonekera, kapaipi kali m'mphuno. Kenaka ankanena kuti mayi ake a kameneka amwalira, kapena ali m'chipinda chinacho sakudzidziwa, kapena mawere awo akana kutulutsa. Ena ankagwetsa misozi n'kuvomera. Ena ankabereka mwana wawo msangamsanga n'kuthawa. Mmodzi anawauza kuti iye si ng'ombe yoti azikamidwa, iwo n'kumuyankha kuti akunena zoona, chifukwa ng'ombe sikana. Bambo wina anachita kufika kwa akuluakulu athu kudzadandaula kuti pachipatala pano tikusunga mfiti yotolera mkaka wa akazi a eni, n'kumakagulitsa kwa asodzi okhwimira makoka awo.

Ife anamwino tinkadziwa kuti mwana wotere mkaka wa m'chitini umamuvuta. Kamimba kamatupa, n'kuyamba kusanza zobiriwira, ndipo angapo tinawataya motero. Wa m'mawere ndi umene ankaulandira. Koma palibe mwa ife amene akanalimba mtima kupita kwa mayi wosamudziwa kukamupempha za m'bulauzi mwake. Manyazi amenewo Abiti Jafali analibe. Ankakonda kunena kuti mwana wobadwa msanga ali ngati mlendo wofika ndiwo zisanapse, sumubweza, umathamangira kwa mnzako wa nyumba yoyandikana. Ankanenanso kuti Mulungu amathira mkaka wosefukira m'nyumba ina mwadala, kuti aone ngati mwini wake adzasuzumira kwa anzake. Mawu okoma chonchi ankatuluka pakamwa pomwepo pamene pankatuluka zotukwana, ndipo sunkadziwa kuti lero udya ziti.

Ine ndi iwo tinayambana kambiri. Za fodya m'wodi, za kulowa m'chipinda cha ana osavula nsapato, za kukalipira madokotala pamaso pa odwala. Koma mkangano waukulu unali wa magazi. Miyezi yanga yoyambirira, ndinalowa masana ena n'kupeza mwana wamasiye ali pabere la mayi amene sindinkamudziwa. Ndinamulanda mwanayo. Ndinati munthu ayenera kuyamba wayezedwa, ndipo mkakawo ufinyidwire m'kapu, utenthetsedwe, ndiye mwana amwe.

"A nesi," anatero Abiti Jafali, "ine ndinayamba kulandira ana inu muli kumsana kwa amayi anu. Mayi wonenepa chonchi, mwana wake wonenepa chonchi, mukufuna kuyeza chiyani?"

Mayi uja anavomera kuyezedwa pofuna kuthetsa phokoso. Anatuluka m'kachipinda koyezera akulira, ndipo anawauza yekha Abiti Jafali kuti am'peza ndi kachilombo. Iye mwini sankadziwa. Mwana wamasiyeyo tinamuyambitsa mankhwala, n'kumamuyeza mpaka atakula, ndipo mwa chisomo anapezeka alibe. Koma Abiti Jafali anasowa masabata awiri. Atabwera sanapepese, ndipo sanadzapepesepo mpaka imfa. Anangofika patebulo panga akukankha amayi awiri kutsogolo, n'kunena kuti, "Ayezeni awa."

Kuyambira pamenepo anakhala ouma mtima pa lamuloli kuposa ine. Ntchito yotenthetsa mkaka anailandanso. Ankathira mkakawo m'kabotolo kagalasi, n'kukaimika m'sefuliya ya madzi pambaula mpaka madziwo abwate, kenaka n'kukaziziritsa m'madzi ozizira. Mabotolo ankatsuka okha, mosamala ngati mmene ankasambira popita kukaswali, ndipo ukawakhudza unkamva dzina la agogo ako.

Panali lamulo lina limene linali lawolawo, ife sitinawaphunzitse. Ankati mkaka si madzi a pamjigo, uli ndi mwini, uli ndi dzina. Pachisilamu, mwana akamwa mkaka wa mayi wina mokwanira amasanduka mwana wa mayiyo, ndipo ana a mayiyo amakhala abale ake, sangadzakwatirane nawo. Ndiye asanapereke kapu yoyamba, Abiti Jafali ankakhazika pamphasa wopereka mkaka ndi wachibale wa mwana wolandira, n'kuwauza kuti ayang'anane bwinobwino, atchulirane maina ndi midzi. Ankatero ngakhale kwa ife akhristu amene tilibe lamulo limenelo. Dokotala wina wachinyamata anaganizapo zoti tizisakaniza mkaka wa amayi onse m'botolo limodzi lalikulu, kuti ntchito ichepe. Iwo anaima pakhomo, manja m'chiuno, n'kumufunsa ngati kwawo ana amabadwa kwa amayi anayi nthawi imodzi. Ine, kunena zoona, ndinkaona ngati mwambo wa pamphasawo ukungotichedwetsa. Kulemba sankadziwa. Zonse ankasunga m'mutu, ndipo ankatha kukumana ndi mwana wa sitandade faifi pamsika n'kumuuza kuti iwe unamwa wa uje wa ku Lifuwu ndi wa uje wa kwa Maganga.

Zaka ziwiri zapitazo, nthawi yokolola mpunga, foni yanga inalira ndili pamsika. Anali a Shehe ena a ku Khombedza amene sindinkawadziwa. Anati kuli nkhani ya ukwati, ndipo dzina langa latchulidwa ngati mboni.

Nkhani yake inali yotere. Yusufu, mnyamata wolima mpunga ku Lifuwu, ankapita ndi matumba ake kukagulitsa ku Khombedza. Kumeneko anakondana ndi Halima, mwana wa mwini golosale ina. Ankhoswe anali atakumana, nsalu zitagulidwa, tsiku lomanga ukwati kumzikiti litatsala masabata awiri. Abiti Jafali anaimva nkhaniyi kuchitando, kwa mayi wina amene ankangocheza. Anafunsa kawiri maina a amayi a anawo. Kenaka anasiya sefuliya pamoto, n'kukakwera minibasi. Anapeza amayi akupeta mpunga wa paukwati pabwalo la kwa a Halima, ndipo osakhala n'pansi pomwe anati, "Ana awa sangakwatirane. Ndi munthu ndi mlongo wake."

Yusufu ndinamulandira ndine, zaka pafupifupi makumi awiri m'mbuyomo. Mayi ake anafika kuchokera ku Lifuwu ali ndi mimba ya miyezi isanu ndi iwiri, akutaya magazi kwambiri. Mwana anatuluka wamoyo, mayi sanafike madzulo. Kanali kamwana kokwana m'manja awiri, nkhope ngati ya kankhalamba, kulira kwake ngati kwa mphaka. Bambo ake anapita ndi maliro kumudzi, n'kusiya azakhali a mwanayo, mayi wachikulire amene anasiya kubereka kalekale. Tinamumangirira mwanayo pachifuwa pa azakhaliwo kuti azimva kutentha. Dzina analibe. Tonse tinkangomutchula kuti ka Lifuwu. Tinayesa mkaka wa m'chitini, ndipo pofika tsiku lachiwiri kamimba kanali katauma ngati ng'oma.

M'wodi munali mayi wina dzina lake Esinati, mkazi wa mphunzitsi wochokera ku Dowa, amene anabereka mwana wakufa kale sabata yomweyo. Mawere ake anali atatupa mpaka kumupatsa malungo, ndipo apongozi ake anamumanga chitenje pachifuwa mothinitsa kuti mkaka uume. Anthu amati mkaka wa mayi wotere ngwa maliro, supatsidwa kwa mwana wamoyo. Ine ndinati apa pokha ngakhale Abiti Jafali sayerekeza. Koma ndinawaona atakhala pansi pambali pa bedi lake masana onse, osalankhula, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. Dzuwa litapendeka ndi pamene anatsegula pakamwa, motsitsa mawu.

"Mwana wanga, wanu uja ine sindingakubwezereni. Koma uko kuli mwana alibe mayi, kuno kuli mayi alibe mwana, ine ndili pakati ngati chitsiru. Ndatha."

Esinati anatembenukira kukhoma. Apongozi ake anawathamangitsa Abiti Jafali ndi mawu amene sindingawalembe. Koma kutacha, ndikuyamba ntchito, ndinapeza Esinati ataima pakhomo la kachipinda ka ana, akumasula yekha chitenje chija.

"Ali kuti?" anafunsa.

Kenaka vuto linachokera kwa azakhali. Anati mwana wa mchimwene wawo sangamwe mkaka wa maliro, komanso wa munthu wosaswali. Abiti Jafali anawauza kuti palibe vuto, apite ku Lifuwu akauze amuna akumbiretu kamanda pambali pa mayi ake, iwo awasungira mwanayo mpaka abwere. Azakhali aja anapukuta m'maso, n'kulola. Tinamuyeza Esinati, tinatenthetsa mkaka, ndipo ndinathira ndekha madontho oyamba m'kapaipi. Tsiku lachitatu kamimba kanayamba kufewa.

Panalinso mayi wachiwiri, Asiyatu wa ku Khombedza. Iye anabereka pa opaleshoni mwana wamkazi wonenepa, Halima, ndipo bala linachedwa kupola, choncho anakhalitsa m'wodi. Mkaka anali nawo wosefukira. Ndimamukumbuka atakhala pabedi ndi kapu m'manja, akuseka kuti mwana wake amadya ngati bambo ake koma akulephera kumaliza. Naye tinamuyeza, naye anapereka. Mwa amayi awiriwa, mmodzi anapereka masiku ambiri, wina anasiya msanga. Patatha masabata asanu, ka Lifuwu kanatuluka m'chipatala kakumwa pakapu, katayamba kuoneka ngati munthu. Abiti Jafali anavina pakhonde tsiku limenelo, azakhali aja akuwaombera m'manja.

Mwambo wawo wa pamphasa anauchita. Anawakhazika azakhaliwo pamodzi ndi amayi onse awiri. Koma azakhaliwo anamwalira Yusufu ali wamng'ono, asanamuuze kanthu, ndipo bambo ake, amene panthawiyo anali kumaliro, sankadziwa kuti mwana anamwa wa ndani. Ine m'failo ndinangolemba kuti mwana akulandira mkaka wa m'mawere. Maina sindinalembe. Inali ntchito imene tinkangoichita mwa ife tokha, ndipo ndinkaopa kuti ndikalemba ndidzafunsidwa.

Ku Khombedza tinakhala pakhonde la a Shehe, amuna mbali ina, amayi mbali ina. A Shehewo anali munthu wofatsa, wolankhula ngati akuyeza mawu pasikelo. Anafotokoza kuti ubale wa mkaka umakhazikika mwana akamwa n'kukhuta kasanu kapena kuposerapo, kaya pabere kaya pakapu. Kuchepera apo, palibe choletsa. Ndiye funso linali limodzi: Yusufu anamwa kangati mkaka wa Asiyatu?

"Masiku asanu ndi anayi," anatero Abiti Jafali. "M'mawa ndi madzulo. Botolo ndinkatsuka ndine."

"Kawiri kokha!" anakuwa Asiyatu. "Bambo ake a Halima atamva anandiletsa. Afunseni, ali apawa. Ine ndikanadziwa bwanji kuti mnyamata uyu ndi kamwana kaja? Kanalibe n'dzina lomwe!"

Bambo a Halima anati n'zoona anamuletsa, koma sakudziwa kuti anali atapereka kale kangati, poti iwo ankabwera kuchipatala mwa apo ndi apo. A Shehe anatembenukira kwa ine.

Ndinatseka maso. Ndinkaona kachipinda kaja, ndinkaona kapaipi, ndinkaona dzanja likundipatsa kapu m'mawa uliwonse. Koma nkhope ya mwini dzanjalo inkasinthasintha, pena Esinati, pena Asiyatu. Ana amene ndawalandira chiyambire ndi ochuluka, ndipo makapu ndi ochuluka kuposa anawo.

"Sindikukumbuka," ndinatero.

Abiti Jafali anandiyang'ana ndi diso lawo labwino lija. "Inu munapita kusukulu kukaphunzira kulemba kuti muzilemba chiyani?"

A Shehe anati pamene mboni zasiyana ndipo chiwerengero sichikudziwika, iwo sanganene kuti ukwatiwu ndi haramu, woletsedwa. Koma anatinso mawu anenedwa kale pamaso pa anthu, ndipo iwo alibe mphamvu yowabwezera m'kamwa. Anasiya nkhaniyo m'manja mwa eni ake. Halima, amene nthawi yonseyi anali kuseri kwa chitseko, anatulukira. Sanayang'ane munthu.

"Ndikadzabereka mwana wodwala, aliyense adzati n'chifukwa chake. Tikadzayambana, adzati n'chifukwa chake. Inenso ndidzayamba kuganiza choncho. Sindingathe."

Yusufu anaimirira, n'kuvala nsapato zake, n'kumapita. Palibe anamuitana.

Patatha mwezi anandipeza pageti la chipatala, ali ndi njinga. Anali mnyamata wamtali, wa mapewa otambalala, ndipo zinkandivuta kukhulupirira kuti ndi yemwe uja ndinkamunyamula m'manja awiri.

"Amayi, akuti munalipo. Mkaka uja ndikanapanda kumwa, ndikanakhala moyo?"

"Ayi."

"Nanga akanangondipatsa wa mayi winayo, osandipatsa wa mayi ake a Halima?"

"Sindikudziwa, mwana wanga. Nthawi imeneyo kapu iliyonse tinkaithamangira."

Anayang'ana pansi, akukanda tayala ndi chala. "Ndiye ineyo ndithokoze, kapena nditani?"

Anamasula kathumba ka mpunga pakaliyala, n'kundipatsa kuti ndikapereke kwa agogo aja, koma ndisanene kuti kachokera kwa iye. Ndinakapereka. Abiti Jafali anaununkhiza mpungawo n'kunena kuti ngwa ku Lifuwu, ndipo sanafunsenso china.

Nkhani ya ku Khombedza inafika mpaka kuchitando. Amayi ena anayamba kukana kupereka, ati safuna kudzaonongera ana awo maukwati. Ena ankavomera chifukwa chomwecho, ati mayi amene angakwere minibasi patatha zaka makumi awiri sangalole kuti zinthu zisokonekere. Ine ndinawafunsapo Abiti Jafali ngati sakumva chisoni. Anandiyankha kuti sanalande mwana kumanda kuti adzamuperekeze ku tchimo, ndipo ngati ndikufuna kulira ndikalirire panja, pano pali mabotolo otsuka. Koma madzulo ake ndinawapeza atakhala okha, sefuliya itauma madzi pamoto, iwo osaona.

Mwina kuiwala kunali kutayamba kale nthawi imeneyo, sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'choti chaka chotsatira anayamba kutenthetsa mabotolo opanda kanthu, ndi kuitana amayi amene anatuluka m'chipatala zaka zambiri zapitazo. Adzukulu awo anabwera kudzawatenga. Anakana, anatukwana, anagwira mzati, koma anapita.

Ndinakawaona kwa Maganga kutatsala miyezi itatu kuti amwalire. Ndinawapeza atagona pamkeka pansi pa mtengo wa mango, ataonda kwambiri. Anandizindikira, ndipo anasangalala. Nkhani anaiyamba okha.

"A nesi, mukukumbuka ka Lifuwu kaja? Tinagwira ntchito pamene paja. Mkazi wa aphunzitsi uja, masiku asanu ndi anayi, m'mawa ndi madzulo, osajomba. Uja wa ku Khombedza ndiye kawiri kokha, mwamuna wake wamwano uja anamuletsa."

Ndinasendera pafupi ndi mkekawo.

"Amayi, mwati anapereka kawiri ndani?"

"Wa aphunzitsi. Anamutenga apongozi ake kupita naye ku Dowa, akulira. Kodi simukumva?"

Apa anali atatembenuzanso nkhani, ndiye ndinafunsanso. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anandifunsa ngati ndatsekera mbuzi, akunditchula dzina la mwana wawo wamkazi amene anamwalira ine ndisanabwere n'komwe ku Salima.

Ndinabwerera wapansi mpaka kumsewu, kabaza ndikumuona koma osamuimitsa. Ndikhulupirire Abiti Jafali ati? A pakhonde la a Shehe, amene anali asanalakwitsepo dzina la mwana? Kapena a pamkeka, amene nkhani inangotuluka yokha, popanda wowafunsa? Nanga Asiyatu ankanena zoona, kapena ankangofuna kupulumutsa ukwati wa mwana wake? Ndinayesa kufufuza Esinati. Mwamuna wake anasamutsidwa kalekale. Wina anati ali ku Kasungu, wina anati anamwalira. Halima panthawiyi anali atakwatiwa ku Nkhotakota, ndipo ndinamva kuti ndi woyembekezera. Sindinauze munthu aliyense.

Ndipo pali china chimene chimandizunguza kuposa apa. Tsiku lina ndimawakwiyira mayiwa, kuti anapasula chinthu cha ana osalakwa ndi mutu umene mwina unali utayamba kale kutayikira. Tsiku lotsatira ndimakumana pamsewu ndi mtsikana wa sekondale kapena mnyamata wa kabaza amene ndikudziwa kuti akanakhala kadzenje kuseri kwa mudzi pakanapanda mwano wa mayi yemweyo. Kenaka ndimakumbuka kuti iwo ankasunga m'mutu chifukwa ine, wodziwa kulemba, ndinkaopa cholembera. Ndikafika pamenepo ndimasowa womukwiyira.

Ndinamva kuti Yusufu anali mmodzi mwa amene ananyamula jeneza, chithatha chija amanyamulira maliro. Pa sadaka iye ndi amene anabwera ndi beseni kudzandisambitsa m'manja. Sanakwatirebe. Akuthira madzi anafunsa motsitsa, osandiyang'ana.

"Akuti munakawaona akudwala. Sanasiyeko mawu?"

"Ayi," ndinatero. "Anali atayamba kusokoneza."

Anagwedeza mutu, n'kupita ndi beseni kwa munthu wotsatira. Mpaka lero sindikudziwa ngati ndinamunamiza kapena ndinamuuza zoona.

Dzulo kunabadwa kamtsikana ka miyezi isanu ndi iwiri. Mayi ake anakomoka pobereka, mpaka pano sanatsegule maso. Nditamaliza kukaika pachifuwa pa agogo ake, ndinatenga kope latsopano ndi cholembera n'kupita kuchitando. Malo a Abiti Jafali anali kumapeto kwa khonde, pafupi ndi thanki ya madzi, pamene munthu amaona aliyense wolowa pageti. Pano wina waunjikapo nkhuni, ndipo kuseri kwa nkhunizo nkhuku yaikira mazira anayi. Pakhoma patsala msomali umene ankapachikapo mpango, ndi chizindikiro chakuda cha msana wawo, chofupika ngati cha mwana. Amayi amene ali kumeneko tsopano ndi atsopano onse. Sakudziwa kuti panali kukhala munthu.

Analipo khumi ndi angapo, ena akusenda chinangwa, atatu akuyamwitsa. Ataona yunifomu anasiya kucheza. Ndinaima pafupi ndi nkhunizo nthawi yaitali, kope lili m'khwapa, mpaka mmodzi anafunsa.

"Mukufuna ndani, a nesi?"

Anasendeza mwana wake, n'kundisiyira malo pamphasa. Ndinakhala pansi. Onse anali kundiyang'ana, ndipo ine sindinkadziwa poyambira.